Chilumba chimene ndinalonjeza apongozi

Apongozi anga aamuna ndi a ku Likoma. Anabadwira komweko, anabatizidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ndipo moyo wawo wonse athera pamadzi kupha usipa ndi utaka. Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo ndinakula osadziwa ngakhale kugwira nkhafi. Pano ndimakhala ku Glenwood, mumzinda wa Durban, kumene ndimagwira ntchito yosamalira mafulati: kusesa, kutulutsa mabini, kusintha mababu, kutsegulira okonza mapaipi akabwera. Atatiuza kuti akubwera kudzaona mdzukulu wawo wobadwira kuno, mantha ndi amene anandigwira kuposa chimwemwe. Ulendowu si wamasewera. Munthu akwere Ilala mpaka Nkhata Bay, apeze basi ya ku Joni, adutse Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, akafika ku Johannesburg akwerenso ina yotsikira kunyanja. Onse amenewo ndi masiku apamsewu kwa munthu wachikulire amene amamwa mapilitsi a shuga m'mawa uliwonse. Ndinkafuna kuti akamabwerera akauze anthu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wodziwa kulandira alendo.

Vuto linayambira pafoni, iwo asananyamuke n'komwe. Anandifunsa kuti, "Kodi akamwini, nyanja yanu yamchereyo ili ndi zilumba ngati yathu ino?" Ndinali nditaonapo dzina pamapu a pafoni, pakati penipeni pa doko la Durban: Salisbury Island. Sindinaganize kawiri. Ndinati, "Chilipo bambo, pafupi pomwepa. Tidzapitako, nsomba tikadyeranso komweko." Anaseka mokondwa, ndipo ndinawamva akuuza amayi kumbali kuti ku Durban nakonso kuli chilumba.

Ndakhala ku Glenwood kwa zaka ndithu, koma mzindawu sindinkaudziwa. Ambiri a ife Amalawi timakhala motero. Uchoke kuchipinda upite kuntchito, kugolosale, kutchalitchi Lamulungu, kumene amatumizira ndalama kumudzi, ubwerere. Amene anaona ziwawa zolimbana ndi anthu obwera za mu 2008, za mu April 2015 pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake, ndi za mu 2019 pamene Amalawi anathamangitsidwa ku Burnwood, kufupi ndi Sydenham, anaphunzira kuyenda mutu uli pansi ndiponso kusafunsafunsa njira, chifukwa ukangotsegula pakamwa kalankhulidwe kamakuulula kuti ndiwe wobwera. Sindikunena izi kuti ndidzichotsere mlandu. M'mafulati mwathu muli anthu obadwira mu Durban momwemu amene timapatsana moni tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wa iwo akanandiuza zoona ndikanangomufunsa. Sindinafunse chifukwa ndinkafuna kuoneka wodziwa kale.

Apongozi atapumula masiku angapo, ndinasankha tsiku limene ndinali pa ofu. Mayi a mwana anayamba kulongedza mkate, nthochi ndi mazira owiritsa m'kachikwama. Ndinawaletsa. Ndinati tikamanyamula kamba ngati tikupita kumunda tichititsa manyazi, kuchilumba kuli malo odyera. Anandiyang'ana, n'kubweza zinthuzo patebulo. Iwo anatsala ndi mwana chifukwa anali ndi chimfine. Apongozi anamwa pilitsi lawo ndi tiyi, mkate anangonyema kachidutswa, amvekere akusungira malo nsomba. Anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa.

Ndinaitanitsa galimoto ya pafoni. Dalaivala ataona kumene tikupita anandifunsa ngati ndimagwira ntchito kumeneko. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati pali munthu amene akutidikira pageti. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, chifukwa ndinaganiza kuti akufuna kutifufuza poti wamva kuti ndife obwera. Ndinamuyankha mwachidule kuti angoyendetsa. Munthuyo ankafuna kundithandiza.

Kuchokera ku Glenwood mumatsetsereka kudutsa Umbilo Road ndi Sydney Road, mitengo ya m'misewu n'kutha, n'kuyamba mafakitale ndi njanji. Mukakhotera mu Bayhead Road mwalowa dziko lina. Umenewu ndi msewu umene mathiraki amadzera popita kumadoko a makontena ndi ku Island View, kumene kuli matanki akuluakulu a mafuta. Madzi osefukira a mu April 2022 ataukokolola, katundu wambiri wa doko lonse anaima, ndiye mungaone kulemera kwake. Tsiku limenelo mathiraki anali ndondondo kutsogolo ndi kumbuyo, utsi wa dizilo, fumbi, makontena osanjikizana kutalika kuposa mafulati athu. Penapake tinaona kankhalango ka mitengo yomera m'matope a madzi amchere, kamene kanatsalako pa nkhalango yaikulu imene kale inazungulira dokoli. Apongozi anakayang'anitsitsa mpaka kanabisika. Kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Nanga bwato tikwerera pati, akamwini?" Ndinati kutsogoloku. Pamapu ndinkaona mzere wa msewu ukungopitirira mpaka pachilumba penipenipo, ndipo mtima unayamba kundigunda.

Bwato kunalibe. Msewu unatifikitsa pageti lokhala ndi mpanda wawaya ndi asilikali. Salisbury Island ndi malo a asilikali apamadzi a dziko la South Africa, ndipo chinasiya kalekale kukhala chilumba, chifukwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anachilumikiza ndi mtunda. Msilikali amene anabwera pawindo analankhula mwaulemu. Anafunsa amene tikufuna kuonana naye. Nditati tabwera kudzaona chilumba ndi kudya nsomba, anatiuza kuti anthu wamba salowa popanda chilolezo ndipo malo odyera alendo kulibe, n'kutisonyeza pokhotera. Mapepala anga ali bwinobwino, ndipo chidindo cha masiku 30 m'pasipoti ya apongozi chinali chisanathe, komabe manja ananjenjemera. Ndinali nditabweretsa nkhalamba yachilendo pageti la asilikali m'dziko la eni. Apongozi sanamve Chingerezi chonsecho, koma anaona nkhope yanga. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sanandifunse kanthu.

Zikanathera pamenepo bwenzi ali manyazi chabe. Pobwerera tinapeza msewu utatsekeratu. Thiraki ina inali itafa pokhota, ndipo zonse zinangoima dzuwa lili pamutu. Mtengo wa ulendo pafoni unkangokwera. Ine maso anali pa ndalamazo pamene dalaivala anandikodola kuti ndiyang'ane kumbuyo. Apongozi anali thukuta kamukamu, kolala ya shati itanyoweratu, milomo itatuwa. Dzanja limene linagwira chipewa linkanjenjemera. Ndinawaitana, anandiyankha ndi dzina la mwana wawo wamwamuna amene ali ku Mzuzu. Anayamba kulankhula za ukonde, mawu akutuluka mokokakoka ngati munthu woledzera, chonsecho mowa salawa n'komwe. Shuga anali atatsika. Pilitsi linagwira ntchito yake m'mimba mopanda kanthu, ndipo chakudya chimene chikanawapulumutsa ndinali nditachibweza ndekha patebulo. M'thumba mwanga munalibe ngakhale switi.

Ndinatsika n'kuyamba kuthamanga pakati pa mathiraki, kumenya zitseko, kupempha chilichonse chotsekemera m'Chingerezi ndi m'Chizulu changa chothyokathyoka. Ena sanatsegule, ndipo sindiwaimba mlandu, pamsewu umenewo munthu womenya chitseko amaopedwa. Nditasowa chochita ndinafuula m'Chichewa kuti, "Mayo ine, bambo akufa!" Chitseko cha thiraki ina chinatseguka. Anali dalaivala wa ku Zambia, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Sanataye nthawi ndi mafunso. Kuseri kwa mpando wake kunali kabokosi ka ziwiya: kapoto, kachitofu ka gasi, ufa, kachitini ka shuga. Anathira masupuni angapo a shuga m'kapu ya pulasitiki, anathiramo madzi a m'botolo, anatakasa ndi mpeni, n'kuthamanga nane. Anayamba waona ngati apongozi angathe kumeza. Kenaka anawagwira kumsana n'kumawamwetsa pang'onopang'ono, akuti, "Imwani amdala, imwani, musathamange." Patapita kanthawi maso awo anayamba kubwerera. Anawapatsa mabanzi awiri kuti shugayo asatsikenso. Atatero anatembenukira kwa ine. "Imwe, munthu wa shuga mumayenda naye chimanjamanja? Ni bambo anu aba?" Ndinati ndi apongozi. Anapukusa mutu n'kubwerera kuthiraki yake. Ndalama imene ndinamutambasulira anaikana, ndipo dzina lake sindinalifunse, chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero.

Msewu utatseguka tinapita kukiliniki, kumene anawayeza n'kunena kuti shuga wabwerera m'malo mwake, koma asadzayerekezenso kumwa pilitsi osadya mokwanira. Mayi a mwana sanakalipe pamaso pa bambo awo. Anawaphikira phala, anawagoneka, kenaka anatuluka nane panja. Anangondifunsa funso limodzi: ngati ndinali nditafikako kuchilumbako. Ndinati ayi. Analira, ndipo kulirako kunandipweteka kuposa mawu alionse amene akanalankhula.

M'mawa mwake ndikusesa masitepe, mayi wina wachikulire wachimwenye wokhala m'fulati yapansi anaona kuti sindili bwino. Ndinamufotokozera zonse. Anakhala chete, kenaka anati iyeyo anaphunzira pachilumba chomwecho. M'chaka cha 1961 boma la tsankho linatsegula koleji ya amwenye okhaokha m'nyumba zakale za asilikali pa Salisbury Island, pofuna kuti asamaphunzire limodzi ndi azungu. Ophunzira ankawoloka doko pa boti m'mawa ndi madzulo. Strini Moodley ndi Saths Cooper, amene pambuyo pake anagwira ntchito limodzi ndi Steve Biko n'kukamangidwa ku Robben Island, anadutsa pakoleji imeneyo. Mu 1972 inasamukira ku Westville, ndipo mu 2004 inaphatikizana ndi University of Natal kupanga University of KwaZulu-Natal, imene nsanja yake ya ku Howard College timaiona tili pakhomo pathu. Dzina la chilumbacho linachokera ku sitima yotchedwa Salisbury, imene James King anayendera poyeza dokoli mu 1823. Mayiyu ndakhala ndikumunyamulira katundu wa kugolosale nthawi yonseyi, osadziwa kuti zonsezi zili m'mutu mwake.

Anapempha kuti aonane ndi apongozi, ndipo madzulo anabwera ndi masamusa m'mbale. Mayi a mwana ndi amene ankamasulira. Chimene chinawadzutsa apongozi pampando si za koleji ayi, koma za asodzi. Amwenye oyamba anafika ku Natal mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ena atamaliza zaka za mgwirizano wawo anakakhala pa Salisbury Island n'kumapha nsomba ndi makoka, kuponya ndi bwato lopalasa n'kumakokera kumtunda. Pambuyo pake anawasamutsira ku Fynnlands, m'mbali mwa Bluff, kenaka malamulo a tsankho anawakankhira ku Chatsworth, kutali ndi madzi. Apongozi anafunsa kukula kwa maso a khokalo, kuchuluka kwa anthu okoka chingwe chimodzi, ndiponso amene ankaona nsomba zikamabwera. Mayiyo anafotokoza za nsomba zazing'ono zotchedwa sardine, zimene zimakwera m'mbali mwa nyanja ya KwaZulu-Natal m'miyezi ya June ndi July, nthawi zina zochuluka moti anthu amatapa ndi mabeseni. Apongozi anati, "Ndiye usipa wawo umenewo." Anamvanso za anthu otchedwa Amazanzibari, ambiri a iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique, amene anawomboledwa m'zombo za akapolo n'kutsitsidwa ku Durban kuyambira mu 1873. Iwowa anakhala ku Kings Rest, pafupi ndi msewu womwe tinavutikirawo, mpaka nawonso anawasamutsira ku Chatsworth. Kwa munthu wa ku Likoma, kumene magombe a Mozambique amaoneka ndi maso ndipo nkhani za ukapolo agogo ankazikamba, imeneyi sinali nkhani ya anthu achilendo. Anakhala nthawi yaitali atagwira chibwano.

Maulendo otsatira anakonza ndi mayiyo pamodzi ndi mayi a mwana. Ine ntchito yanga inali kunyamula chikwama cha chakudya ndi maswiti. Ndipo kunena zoona, zimene mlendo angaone kuno zambiri zinali pakhomo pomwepa. Tinakwera mtunda wapansi kupita ku Pigeon Valley, kankhalango kachilengedwe kamene kali mkati mwa Glenwood, kumene timagwape tofiira timadutsa m'tinjira anthu akuona. Kumtunda, cha ku Howard College, doko lonse limaoneka pansi: sitima, makina onyamulira makontena, phiri lalitali la Bluff likutchinga nyanja. Tinalowa mu Phansi Museum mumsewu wa Esther Roberts, mmene muli mikanda, mbiya, zosema ndi zidole zazikulu zovekedwa zovala za mitundu ya kuno. Ku KZNSA Gallery, pafupi ndi Bulwer Park, tinangopumulako pamthunzi wa mitengo. Tsiku lina tinapita ku Botanic Gardens, munda umene unayamba mu 1849. Apongozi anaukonda chifukwa cha mabenchi ndi mbalame za padziwe, mitengoyo analibe nayo chidwi kwenikweni.

Za kudya, mlendo wobwera ku Durban asachoke osalawa bunny chow. Ndi buledi wodulidwa, n'kukumbidwa pakati, n'kuthiramo ndiwo za curry, kaya nyama ya nkhosa, nkhuku kapena nyemba. Poitanitsa mumangotchula kukula kwa buledi ndi ndiwo yake, kota ya nkhosa kapena kota ya nyemba. Tinakadya ku Goundens, ku Umbilo, pakati pa amakaniko ovala maovolosi ndi anthu a mataye. Supuni safuna. Mumayamba ndi chinkhupule chimene anachotsa pakati chija, kenaka mumanyema m'mbali kutsikira pansi, kusamala kuti msuzi usabowole khoma. Apongozi anagwira msanga chifukwa dzanja ndi lomwe lija la nsima. Tsabola anawatulutsa misozi, koma anamaliza nyama yonse, buledi n'kusiyako theka monga anawalangizira kukiliniki. Amene tsabola samutha ayambe ndi ya nyemba, ndipo afunse kaye ukali wake asanaitanitse. Anthu amatamanso ya ku Britannia Hotel, mumsewu wa Umgeni.

Nsomba imene ndinawalonjeza ija tinakaipeza kumsika wa nsomba wa ku Victoria Street, m'tauni. Pitani m'mawa, foni ikhale m'thumba lamkati, ndipo ngati n'kotheka mutsagane ndi munthu wodziwa malowo. Kumeneko apongozi ndi amene ankatsogolera. Chilankhulo sankachidziwa, mayina a nsombazo sankawadziwa, koma ankatsegula makha n'kuyang'ana kufiira kwake, kudina mnofu ndi chala kuona ngati ukubwerera, kuyang'ana diso. Anakana nsomba zingapo zimene ine ndikanagula mosangalala. Wogulitsa wina anaseka n'kutulutsa ina pansi pa ayezi, ndipo imeneyo ndi imene tinatenga. Anaitumbula okha kunyumba, anaiwotcha pamakala kuseri kwa mafulati ndi mchere wokha, ndipo tinadyera nsima. Anati ndi yonona, koma chambo n'chambo.

Pomaliza tinapita ku Wilson's Wharf, kumene kuli maboti oyendetsa alendo m'doko. Ndi njira imeneyi munthu wamba angaonere Salisbury Island, ali pamadzi. Botilo litayandikira, ndinawalozera. Panali nyumba za asilikali, sitima zotuwa zitakochezedwa, ndi makontena kumbuyo kwake. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa kuti asodzi aja ankakokera mbali iti. Sindinadziwe, ndipo ulendo uno ndinanena kuti sindikudziwa. Chimene chinawadabwitsa kwambiri ndi madzi kuphwa ndi kudzala tsiku lomwelo, mchenga n'kuonekera pakati pa doko pamene m'mawa panali madzi okhaokha. Kwawo nyanja imakwera ndi kutsika potsata nyengo, osati maola. Anafunsa woyendetsa boti mafunso ambiri kudzera mwa mwana wawo, mpaka munthuyo anawaitana kuti akaime pambali pake.

Amene akufunadi chilumba cha m'nyanja yamchere, chokhala ndi mchenga ndi asodzi, adziwe kuti ku Durban kulibe. Chapafupi chili ku Mozambique: Inhaca, kumene amapita pa boti kuchokera ku Maputo, ndi kachilumba koyandikana nacho ka Portuguese Island, kumene sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo zochokera ku Durban zimakaima m'nyengo yotentha. Mtengo wake si wa munthu wosesa masitepe, ndipo sindinawalonjeze.

Apongozi sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo anatipempha kuti amayi kumudzi asamve za pa Bayhead Road, angade nkhawa. Mayi a mwana anakana. Anati amayi ndi amene amawaphikira ndi kuwakumbutsa mapilitsi, ayenera kudziwa kuti shuga wa bambo amatha kutsika chotero, makamaka poti pali ulendo wautali wa pabasi kutsogolo. Anatinso woyenera kunena ndi ine. Kwathu mkamwini salankhula momasuka ndi apongozi aakazi, ndipo chikwatirire ndinali ndisanalankhule nawo zoposa moni. Usiku woti mawa bambo anyamuka, ndinaimba foni ku Likoma. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa bodza la pafoni mpaka pa chakudya chimene ndinabweza patebulo. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa ngati bambo adya madzulo ano. Ndinati adya. Anafunsa zimene tawalongedzera za panjira, ndipo ndinawerenga chimodzichimodzi: buledi, mazira, nkhuku yokazinga, nthochi, mtedza, maswiti m'thumba la jekete ndi kabotolo ka shuga. Anati tionjezere madzi akumwa, chifukwa pa Beitbridge basi imatha kuima tsiku lonse, ndipo tiuze kondakitala za matendawo asananyamuke. Kenaka anati ndiwapatsire mwana wawo.